CITSAMBA CA MCERE NDI MBALE WACE BONONGWE

Alimi a ng'ombe a ku Malingunde, Mitundu ndi Nathenje adziwa bwino njala imene igwera ziweto mu September ndi October, msipu utapserera. Ena anamva mbiri ya citsamba ca mcere cimene nkhosa za ku South Africa zimadya m'cilimwe, ndipo afuna kudziwa ngati cingawapulumutsire zoweta zao. Tisanataye ndalama, tiyambe tacidziwa bwino.

Akatswiri a zomera acicha Atriplex, dzina limene Linnaeus wa ku Sweden analikhazikitsa m'caka ca 1753. Mitundu yace ipitirira 200. Posiyanitsa mitunduyi sakhulupirira tsamba lokha, pakuti tsamba lisintha monga mwa nthaka ndi mvula. Ayang'anitsa duwa ndi mbeu. Maluwa ace aamuna ali paokha, aakazi paokha, ndipo mbeu ikhala pakati pa timasamba tiwiri toiphimba. Maonekedwe a timasambato ndiwo aulula mtundu. Lero citsambaci ciwerengedwa m'banja limodzi ndi bonongwe wathu, banja la Amaranthaceae.

Kwao kwa zitsambazi ndi maiko ouma a nthaka ya mcere, monga Australia, kumadzulo kwa North America ndi m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Mizu ikamwa mcere, citsamba ciusunga m'timatumba ta pamasamba. Ndico cifukwa cace masambawo ali otuwa. Mtundu wochedwa Atriplex nummularia unacokera ku Australia nubzalidwa ku Karoo. Ziweto zoudya zimva ludzu lalikuru, ndipo zifuna madzi abwino ambiri.

M'dziko lathu nthaka ya mcere ipezeka makamaka ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, imene iribe mtsinje woturutsa madzi ace. Koma kuno kumtunda mvula ndi yokwanira kutsuka mcere m'minda. Cotero mlimi wa ku Malingunde asavutike ndi kufunafuna mbeu yacilendoyi. Asunge mapesi a cimanga ndi masamba a mtedza pamalo ouma, abzale nsenjere m'mbali mwa dimba, ndipo azipatsa ng'ombe zace mcere wonyambita.

Mbale wace bonongwe ndiye akonda kwathu kuno, makamaka pa khola lakale. Wosalala ndi ndiwo zabwino. Wa minga ndi wofunika kuzula asanabale mbeu. Musalole ng'ombe zanjala kukhuta bonongwe wa pa manyowa, cifukwa atha kuzidwalitsa.

Nchito yolemba kumene comera ciri conse cipezeka sinathe. Jessie Williamson analemba zomera zathu zothandiza m'buku lace la 1955, Useful Plants of Nyasaland, ndipo ku Zomba kuli nyumba yosungira zomera zouma. Mukapeza comera cacilendo, thyolani nthambi yokhala ndi duwa kapena mbeu, muiumitse pakati pa mapepala, mulembe mudzi, tsiku, mtundu wa nthaka ndi dzina limene akulu acichula, ndi kupereka kwa mlangizi wanu.