Mutu 9: Njira ya mayi yopita ku ofesi ya ahedi

Ukachoka pa boma la Dedza kulowera ku Ntcheu pa msewu wa M1, umafika pamphambano pomwe amayi amaunjika mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba m'mbali mwa msewu. Pamenepo mpomwe pali njira yokhotera ku Bembeke, kumene kuli koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's, ya mpingo wa Katolika, yophunzitsa akazi okhaokha. Chaka ndi chaka kolejiyi imatulutsa aphunzitsi amene amamwazikana m'dziko lonse. Ukawatsatira patapita zaka khumi, ambiri uwapeza akadali ndi choko m'manja mu Sitandade 1 kapena 2, pakati pa ana oposa zana atakhala pansi. Koma ukagogoda pa ofesi ya mphunzitsi wamkulu, makamaka kumidzi, amene amakuuza kuti "lowani" kawirikawiri amakhala bambo.

Lamulo silikuletsa mayi kukhala pampandowo. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 limanena kuti polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, komanso asapitirire 60. Dziko lino laonapo Joyce Banda akulamulira kuyambira 2012 mpaka 2014, Anastasia Msosa ali mkulu wa makhothi, Catherine Gotani Hara ali sipikala wa Nyumba ya Malamulo kuyambira 2019 mpaka 2025, Agnes NyaLonje ali nduna ya zamaphunziro, ndiponso Address Malata akutsogolera yunivesite ya MUST ku Thyolo. Pamwamba pamaoneka bwino. Chimene chimatsekereza mphunzitsi wa ku Mayani kapena kwa Kasumbu chili pansi penipeni, ndipo nthawi zambiri chimayambira pa nyumba.

Sukulu zambiri za kumidzi zili ndi nyumba za aphunzitsi ziwiri kapena zitatu basi, pomwe aphunzitsi ndi ochuluka kuposa apo. Otsalawo amakachita lendi m'mudzi. Taganizirani mayi wa zaka 24 amene wangotuluka kumene ku koleji, wapatsidwa kanyumba kaudzu kokhala ndi chitseko chotsekera ndi msomali wopinda. Mu Juni chisanu cha ku Dedza chimalowa ndi pansi pomwe pa chitseko. Mjigo uli kutsidya kwa dambo, chipatala ndi ulendo wa kabaza, ndipo mvula ikagwa msewu umaterera moti njinga yamoto imakusiya panjira. Anyamata a pamsika akudziwa kuti amagona yekha. Mphunzitsi wamwamuna naye amavutika ndi zomwezi, koma sagona khutu lili kuchitseko. Mayiyu akangokwatiwa amalemba kalata yopempha transifa yotsata banja, n'kupita ku boma, ku Lilongwe kapena ku Blantyre kumene bambo akugwira ntchito.

Tsono masamu ake ndi awa. Sukulu ya m'tauni ikhoza kukhala ndi aphunzitsi aakazi makumi atatu, koma mpando wa ahedi ndi umodzi. Sukulu zing'onozing'ono za kumidzi ndi zambirimbiri, iliyonse ndi mpando wake, ndipo kumeneko kwatsala amuna. Palibe amene anakhala pansi n'kukonza zoti ziyende chonchi, koma zotsatira zake n'chimodzimodzi ngati anachita kukonza.

Chachiwiri ndi kagawidwe ka ntchito pasukulu. Kukwezedwa giredi kumadzera ku bungwe la Teaching Service Commission, koma munthu asanafike pa intavyu amakhala atadziwika kale kwa mlangizi wa zamaphunziro wa m'zoni, amene aphunzitsi amangoti a PEA. Amene amadziwika ndi uja anapatsidwa Sitandade 8, anakonza ndondomeko ya maphunziro, anayang'anira mayeso a MANEB, anagwirako mabuku a ndalama za chitukuko cha sukulu, anaimirirako ahedi ku msonkhano wa aphunzitsi a m'zoni. Madamu amapatsidwa ana aang'ono, zaukhondo, gulu la amayi, phala, ndi kuphikira alendo pa tsiku la msonkhano. Ntchito zimenezi ndi zolemera, ndipo kuphunzitsa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kuwerenga n'kovuta kuposa kubwereza mayeso akale ndi ana a Sitandade 8. Koma pa intavyu safunsa za phala. Amafunsa za bajeti, malamulo a ntchito ndi kasungidwe ka mabuku, zinthu zimene munthu amaziphunzira pozigwira.

Ena angaganize kuti kumene kuli ndalama mavutowa kulibe. Ku Lilongwe kuli Bishop Mackenzie International School, ku Blantyre kuli St Andrew's, ndipo ku Mtunthama m'boma la Kasungu kuli Kamuzu Academy yomwe inatsegulidwa mu 1981. Sukulu zotere zimatsata maphunziro a kunja monga IGCSE kapena IB, ndipo zimayendetsedwa ndi bodi. M'maiko ambiri bodi yotereyi ikafuna mtsogoleri imadzera ku makampani opezera sukulu aphunzitsi, monga Search Associates, n'kumulemba pa kontrakiti ya zaka zingapo. Pamodzi ndi malipiro, kawirikawiri amamupatsa nyumba, tikiti ya ndege, thandizo la kuchipatala ndi malo a ana ake pasukulupo. Apa pali phunziro limene unduna wathu wa zamaphunziro ungatengepo: eni sukuluzi anazindikira kalekale kuti sungaitane mtsogoleri osayamba waganiza kumene akagone ndi kumene ana ake akaphunzire.

Komabe ngakhale kumeneko, padziko lonse, aphunzitsi ambiri ndi akazi pomwe akuluakulu a sukulu ambiri ndi amuna. Bambo akapeza ntchito ku Nairobi kapena ku Bangkok, anthu amaona kuti n'zachidziwikire kuti mayi asiye zake n'kutsatira. Mayi akapeza ntchito yomweyo, funso limabwera msanga lakuti nanga bambo akakhala akutani kumeneko. Ndi nkhani ya kutsata banja yomwe ija, yangokwera ndege. Palinso china chimene chimakhudza mayi wachimalawi mwachindunji. Sukulu zambiri zamtunduwu zimasiyanitsa wolembedwa kuchokera kunja ndi wolembedwa konkuno, pa malipiro ndi pa zina zomwe amalandira. Mayi wa m'dziko momwemo amatha kukhala zaka zambiri ngati wothandizira m'kalasi, akudziwa makolo onse ndi mbiri ya mwana aliyense, akuona akuluakulu akubwera ndi kupita, iye osaganiziridwako. Bodi imene ikufunadi amayi paudindo iyambe yayang'ana anthu amene ali kale m'kati mwa mpanda, iwalipirire maphunziro a utsogoleri, iwapatse gawo loti ayendetse.

Nkhani ikafika apa, wina amatulutsa mawu aja akuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, n'kunena kuti ndi chikhalidwe chathu. Kwa munthu wa ku Dedza mawuwa ndi ovuta kuwateteza. Pakati pa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mkamwini amakakhala kwa mkazi, ndipo maphunziro a chinamwali akhala m'manja mwa anankungwi kuyambira kale. N'zoona kuti mwini mbumba amakhala malume, ndipo pabwalo amuna ndiwo amalankhula kwambiri. Koma mayi wolangiza, wodzudzula ndi woweruza si mlendo m'midzi muno.

Ndipo kumunsi kwa mapiri a Dedza, ku Mtakataka, kunali Inkosi Theresa Kachindamoto. Anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27, ndipo mu 2003 akuluakulu a kwawo anamuitana kuti adzakhale mfumu, ngakhale anali chitsirizira m'banja la ana 12. Atapeza atsikana a zaka 12 ndi 13 ali ndi ana kumsana, anasonkhanitsa mafumu ake okwana 50 kuti asayinire pangano lothetsa maukwati a ana. Mafumu amene anapitiriza kuloleza maukwatiwo anawaimitsa paudindo, ndipo anawabwezera pokhapokha atathetsa maukwati aja. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati oposa 800, ana n'kubwerera kusukulu. Anaopsezedwa, koma sanabwerere m'mbuyo mpaka pomwe anamwalira mu 2025.

Anthu amakonda kutama kulimba mtima kwake, ndipo kunalipodi. Koma tikayang'anitsitsa tiona kuti sanali yekha. Anamuitana ndi akuluakulu a mtundu wake. Anali ndi mphamvu zenizeni zochotsa munthu pampando, osati zongolankhula pa msonkhano. Anali ndi magulu a amayi ndi anthu ena m'midzi omutsina khutu mwana akasowa m'kalasi. Kenaka lamulo linamutsatira pambuyo: la maukwati la mu 2015, ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017 komwe kunakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Mayi amene waikidwa kukhala mphunzitsi wamkulu amafunika zinthu zomwezi pamlingo wake. Vuto limene limachitika n'lakuti amapatsidwa mpando koma makiyi ali ndi wina. Wapampando wa komiti ya sukulu amadutsa ofesi yake n'kukanong'onezana ndi wachiwiri wake chifukwa ndi bambo. Akadzudzula mphunzitsi wobwera ataledzera, amati ndi wamwano. Akakwezedwa msanga, mphekesera zimayamba zoti pali amene akumudziwa ku ofesi. Zikatero a PEA kapena a nyakwawa akangokhala chete, anthu amamva kuti chete uja ndi chilolezo.

Misonkhano ya m'mahotela yolimbikitsa amayi kudzikhulupirira siyoipa, koma yachuluka kuposa nyumba zomangidwa. Chimene chimasintha zinthu n'chooneka ndi maso: nyumba ya njerwa zootcha yokhala ndi loko ndi chimbudzi chake, yosungidwira mphunzitsi wamkazi, kutumiza akazi awiriawiri kusukulu yakutali m'malo mwa mmodzi, mphunzitsi wogwirizira kalasi mayi akapita ku tchuthi cha uchembere, kuti asabwerere n'kupeza udindo wake wapatsidwa wina, misonkhano yothera dzuwa likadali m'mwamba. Ndipo mphunzitsi wamkulu aliyense, bambo kapena mayi, akhoza kuyamba teremu ikubwerayi popanda kudikira kalata ya ku Capital Hill, pongopereka Sitandade 8 ndi buku la ndalama kwa madamu amene wakhala zaka zambiri ku Sitandade 1.

Inu amene muli mu komiti ya sukulu kapena ya makolo ndi aphunzitsi, pamene mukukambirana zoumba njerwa chaka chino, funsani kuti nyumba yotsatirayo adzagonamo ndani. Ndipo ahedi akakhala mayi, nkhani zanu kazituleni pa tebulo lawo, osati kuseri kwa ofesi.