Cipatala coyenda pamadzi

Ana inu, usiku timaona nyenyezi zambiri kumwamba. M'mafilimu ena muli zombo zazikulu zouluka pakati pa nyenyezi. Zina mwa zombozo ndi zipatala. Zimapita kutali kukathandiza odwala. Zimenezo ndi nthano cabe. Kumwamba kulibe cipatala cotere.

Koma pa nyanja yathu ya Niassa panali sitima yeniyeni yothandiza odwala. Dzina lake ndi Chauncy Maples. Ili linali dzina la bishopu wa Anglican amene anamira m'nyanjayi m'caka ca 1895.

Sitimayi anaipanga mumzinda wa Glasgow, ku Scotland, m'caka ca 1899. Kumeneko ndi kutali kwambiri. Nanga inafika bwanji kuno? Inabwera zidutswazidutswa. Zidutswazo zinawoloka nyanja yaikulu. Kenaka zinakwera mtsinje wa Zambezi ndi mtsinje wa Shire.

Pa Shire pali mathithi ndi miyala, ndipo bwato silingadutse. Pamenepo anthu anasenza zitsulo pamutu, nayenda pansi masiku ambiri. Thanki yowiritsira madzi inali yolemera kopambana. Anthu 450 ndiwo anaikoka ndi zingwe. Taganizani thukuta lake!

Amisiri analumikiza zidutswa zonse kwa Mponda, pafupi ndi Mangochi, ku Malawi. Kucokera ku Mandimba, kumeneko si kutali. Sitimayi inalowa m'madzi m'caka ca 1901. Inkayenda ndi moto wa nkhuni. Motowo unkawiritsa madzi, ndipo nthunzi yake inkayendetsa makina.

M'sitimamo munali mankhwala ndi malo ogonekapo odwala. Munalinso malo ophunzirira ndi opemphereramo. Inkaima pa cilumba ca Likoma ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, monga Cobué ndi Messumba. Nthawi imeneyo misewu inali yosowa. Munthu wodwala sakanatha kuyenda ulendo wautali. Conco thandizo ndilo linkapita kwa wodwala.

Sitimayi inasiya nchito ya mishoni m'caka ca 1953. Pambuyo pake inagwira nchito ya usodzi, kenaka inanyamula anthu apaulendo. Lero sinyamulanso odwala.

Kwathu ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba, midzi yambiri ili kutali ndi cipatala. Nthawi ya dzinja misewu imacita matope, ndipo mitsinje imadzaza. N'cifukwa cake anamwino amabwera okha kumudzi. Sabwera pa sitima. Amabwera pa galimoto kapena pa njinga yamoto. Amanyamula sikelo, mankhwala ndi bokosi lozizira. M'bokosimo muli katemera, cifukwa katemera amaonongeka akatenthedwa.

Anamwino amayeza ana pa sikelo. Amapereka katemera wa cikuku ndi wa poliyo. Cikuku ndi matenda oopsa. Cimatha kupha mwana kapena kuononga maso ake. Poliyo amapuwalitsa miyendo. Mwana wolandira katemera amatetezedwa.

Anamwino sabwera tsiku lililonse. Mfumu ikalengeza tsiku lawo, kumbutsani amayi ndi abambo. Athandizeni kufuna khadi la mwana. Jakisoni amapweteka pang'ono, koma ululu wake sucedwa kutha.

Inu makolo, munda udzadikira tsiku limodzi. Tengani mwana ndi khadi lake, mupite msanga. Mwana akatentha thupi kwambiri, musadikire tsiku la anamwino. Pitani naye kucipatala tsiku lomwelo.

Mafunso

1. Dzina la sitima ija ndi ciyani?
2. Anthu angati anakoka thanki yolemera?
3. M'bokosi lozizira muli ciyani?

Nchito ya kunyumba

Jambulani sitima ili panyanja. Funsani agogo kuti kale odwala ankafika bwanji kucipatala. Mawa mudzatiuze m'kalasi.