Makompyuta a m'nyumba imodzi akasiya kuonana

Mwajambula ophunzira anu akuwerenga mokweza, ndipo mukufuna kusamutsa mawuwo kuchoka pa laputopu kupita pa kompyuta ya patebulo kuti muwamvetsere pokonzekera phunziro la mawa. Makompyuta onse ali pa Wi-Fi, koma sakuonana. Zikatere, musathamangire kukagula bandulo. Makompyuta a m'nyumba imodzi amapatsirana mafayilo kudzera pa rauta, osadutsa pa intaneti. Kaya mumalipira TelOne kapena Econet ku Bulawayo, TNM ku Lilongwe kapena Zamtel ku Chipata, vutoli lili m'nyumba mwanu, ndipo mutha kulipeza nokha potsata ndondomeko iyi.

Yambani ndi dzina la netiweki. Magetsi a ZESA akathima ku Luveve kapena ku Nkulumane, rauta imazima, koma laputopu imapitiriza kugwira ntchito ndi batire. Ikapeza hotspot ya foni yanu, imalumikizika kumeneko, ndipo nthawi zambiri imakhala komweko ngakhale magetsi atayakanso. Onetsetsani kuti makompyuta onse akuonetsa dzina limodzi. Ngati ina ili pa netiweki ya alendo, ichotsenipo, chifukwa marauta ambiri salola zipangizo za alendo kuonana ndi za eni nyumba.

Kachiwiri, onani adiresi imene rauta yapatsa kompyuta iliyonse. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, ndipo muwerenge mzere wa IPv4 Address. M'nyumba zambiri adiresi imaoneka ngati 192.168.1.5. Magawo atatu oyamba ayenera kufanana pa makompyuta onse, lomaliza lokha ndilo lisiyane. Mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti kompyutayo sinalandire adiresi kuchokera ku rauta, ndiye yangodzipatsa yokha. Zimitsani rauta kwa theka la mphindi, muiyatsenso, kenaka mulumikizenso kompyutayo.

Kachitatu, yesani ngati zikumvana. Lembani ping, siyani mpata, mulembe adiresi ya kompyuta inayo. Yankho likabwera, njira ili bwino. Likapanda kubwera, sikuti pali chimene chawonongeka. Windows ikalemba netiweki yanu kuti ndi Public, imabisa kompyuta ngati mmene ingachitire pamalo a anthu ambiri. Sinthani ikhale Private, kenaka muyatse Network discovery ndi File and printer sharing pa makompyuta onse awiri. Musachite zimenezi pa Wi-Fi ya kusukulu kapena ya kumalo ogona alendo, chifukwa mawu a ana amene mwajambula angafike kwa anthu osayenera.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenaka mupite pa china. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo magetsi akadzathimanso mudzayambira pachiyambi.

Ntchito: Lembani m'kope lanu dzina la netiweki ndi adiresi ya chipangizo chilichonse cha m'nyumba mwanu. Zimitsani rauta, muiyatsenso, muonenso maadiresiwo. Kodi alipo amene asintha? Fotokozani zimene mwapeza m'ziganizo zisanu za Chichewa zoti mphunzitsi mnzanu angazitsatire.