Nyimbo Zazitali M'chipinda Chaching'ono: Progressive Rock ndi Makalabu a ku Harare

Progressive rock ndi mtundu wa nyimbo za magitala umene unayamba ku Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Oyimba ake anali achinyamata amene anatopa ndi nyimbo ya mphindi zitatu, ija yongoti ndime, kolasi, ndime ina, kolasi kachiwiri, basi yatha. Iwo ankafuna nyimbo yaitali, ya zigawo zingapo, yosintha liwiro ndi kamvekedwe ili m'kati, ndipo nzeru zina anakazitapa ku jazi ndi ku nyimbo zamakedzana za ku Ulaya. Magulu amene anatchuka nazo ndi King Crimson, Yes, Genesis, Pink Floyd, Jethro Tull ndi Emerson, Lake & Palmer. Ambiri amati chimbale cha King Crimson cha mu 1969, In the Court of the Crimson King, ndicho chinatsegula njira.

Chizindikiro choyamba cha nyimbozi ndi kutalika. Mu 1972 mokha, gulu la Yes linatulutsa "Close to the Edge" ya mphindi zoposa 18, Genesis inatulutsa "Supper's Ready" ya mphindi pafupifupi 23, ndipo Jethro Tull inadzaza mbali zonse ziwiri za chimbale ndi nyimbo imodzi yokha, "Thick as a Brick". Chizindikiro chachiwiri ndi kawerengedwe. Nyimbo zambiri za pa wailesi zimayenda zinayizinayi, n'chifukwa chake phazi limangotsatira lokha. Oyimba a progressive rock amakonda kuwerenga 5, 7 kapena 9, moti wovina akayesa kuponda monga anazolowera amapeza kuti nyimbo yamusiya. Chitsanzo chodziwika ndi "Money" ya Pink Floyd ya mu 1973, imene mbali yake yaikulu imawerenga 7. Chachitatu ndi zoyimbira. Kuwonjezera pa gitala, besi ndi ng'oma, ankadalira kwambiri makiyibodi: limba la Hammond, makina a Moog, ndi Mellotron, imene pansi pa batani lililonse inali ndi tepi yojambulidwa kale mawu a vayolini kapena chitoliro.

Anthu ambiri amakumbukira magulu amenewa ali m'mabwalo akuluakulu, pakati pa nyali ndi utsi, koma nyimbozi zinaleredwa m'zipinda zopanikiza. Pink Floyd inadziwika ikuyimba ku UFO Club, chipinda cha pansi pa nyumba mu msewu wa Tottenham Court ku London, mu 1966 ndi 1967. Yes ndi King Crimson zinakhwimira ku Marquee, kalabu ya mu msewu wa Wardour, mu 1969. Kutchuka kutabwera, nyimbo zinasamukira ku mabwalo, ndipo cha m'ma 1977 achinyamata oyimba punk anayamba kuzinyoza kuti n'zodzitukumula. Lero magulu ochepa okha ndi amene amadzaza bwalo. Ambiri abwerera kumene anachokera, m'makalabu olowa anthu 100 kapena 200, ndipo kunena zoona kumeneko ndi kumene nyimbozi zimamveka bwino.

Africa inali m'nkhaniyi kuyambira kale. Gulu la Osibisa, limene linayambitsidwa ku London mu 1969 ndi oyimba a ku Ghana ndi a ku zilumba za Caribbean, linkasakaniza ng'oma za kwawo ndi magitala a rock, ndipo amene anajambula chikuto cha chimbale chawo choyamba mu 1971, Roger Dean, ndi yemweyo anadzatchuka ndi zikuto za Yes. Woyimba kiyibodi Manfred Mann anabadwira ku Johannesburg. Trevor Rabin, amene anali woyimba gitala wa Yes m'zaka za m'ma 1980, nayenso ndi wa ku Johannesburg.

Kwa wolankhula Chichewa, nkhani yapafupi kwambiri ili ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970, anyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka anamva magitala a Jimi Hendrix ndi magulu a ku Britain, n'kupanga zawozawo zimene zinadzatchedwa Zamrock. Panali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, panali WITCH ya Jagari Chanda, panali Amanaz imene chimbale chake Africa chinatuluka mu 1975, panalinso Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene nyimbo zake zina ankaziyimba m'Chinyanja pamwamba pa gitala lolira mokalipa. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti wailesi iziulutsa kwambiri nyimbo za m'dziko momwemo, magulu amenewa anapeza omvera. Kugwa kwa mtengo wa kopa kunadzawafooketsa, ndipo matenda a Edzi anatenga oyimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989.

Ku Rhodesia, imene tsopano ndi Zimbabwe, rock inakula pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu. Gulu la Wells Fargo la ku Bulawayo, limene woyimba ng'oma wake anali Ebba Chitambo, linajambula nyimbo yotchedwa "Watch Out", ndipo boma la Ian Smith linaiona ngati yokolezera moto. Ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, kunali Manu Kambani, katswiri wa gitala amene anthu ankamuyerekeza ndi Hendrix. Thomas Mapfumo nayenso anayamba ndi kuyimba nyimbo za rock za kunja. Anasintha atalowa gulu la Hallelujah Chicken Run Band, limene linkasangalatsa ogwira ntchito pa mgodi wa kopa wa Mhangura cha m'ma 1974. Kumeneko, pamodzi ndi woyimba gitala Joshua Dube, anayamba kusamutsa kaliridwe ka mbira n'kukaika pa gitala lamagetsi, ntchito imene Jonah Sithole anadzaipititsa patsogolo. Apa ndi pamene panabadwira nyimbo za chimurenga.

Mfundo imeneyi njofunika kuimvetsa. Chimene oyimba a ku London ankafuna pokabwereka ku jazi, oyimba a ku Harare anachipeza pakhomo. Nyimbo ya mbira imakhala ndi mbali ziwiri zolukana, imodzi yotsogola, inayo yolowa m'mipata ya inzake, ndipo khutu likhoza kuimva ikuyenda ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu nthawi imodzi. Ilibe malire a mphindi. Imatha pamene oyimba ndi ovina akhutira. Sungura ya ku Zimbabwe nayo, ngakhale mizu yake ili ku rumba ya ku Congo ndi nyimbo za magitala za ku East Africa, inatengera mtima womwewo: mawu amatha msanga, kenako magitala amatsala okha kwa mphindi zambiri, kusintha liwiro, kuyankhana, kubwerera. Palibe amene anganene kuti sungura ndi progressive rock, koma khutu limene linaleredwa ndi sungura silivutika ndi nyimbo ya mphindi 15. Ndipo pakati pa akatswiri a sungura pali ana a matchona, Amalawi amene anapita ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi osabwereranso. Nicholas Zakaria wa Khiama Boys ndi Alick Macheso wa Orchestra Mberikwazvo onse mizu yawo ili ku Malawi, ndipo onse aimbapo m'Chichewa. Macheso anachititsa kuti besi, imene kale inkangokhala kumbuyo, izitsogolera nyimbo, monga mmene Chris Squire ankachitira mu Yes.

Kuti tione mmene zilili ku Harare, titenge chitsanzo cha Sunningdale, dera la nyumba zothithikana kummwera kwa mzindawu, pafupi ndi msewu wa Seke ndi mafakitale a ku Graniteside. M'mabala a m'madera ngati amenewa mumalira sungura, Zimdancehall ndi nyimbo zauzimu. Wofuna kumva gulu la rock likuyimba pamaso pake amayenera kukwera kombi kupita m'tauni kapena kumadera a kumpoto kwa mzinda, ndipo magulu otere ndi owerengeka. Malo amene anathandiza kwambiri nyimbo zosazolowereka anali Book Café, amene anayambitsidwa ndi Paul Brickhill m'zaka za m'ma 1990 pa mashopu a Fife Avenue, moyandikana ndi kalabu ya jazi ya Mannenberg. Kumeneko kunkayimba Chiwoniso Maraire, alakatuli, magulu a jazi, ndi Chikwata 263, gulu limene linkasakaniza mbira ndi punk. Malowa analandira mphotho ya Prince Claus mu 2011, anasamukira mu msewu wa Samora Machel mu 2012, ndipo anatsekedwa mu 2015, patangopita miyezi Brickhill atamwalira mu 2014. Kutsekedwa kwake kunali kutaya kwakukulu, pakuti gulu loyesa zatsopano silingakule popanda chipinda chimene chimalilola kulakwitsa pamaso pa anthu 50. Kuyambira pamenepo, zoimbaimba zoterezi zimachitika mwa apo ndi apo m'mabala, m'malesitilanti ndi m'malo a zachikhalidwe, ndipo uthenga wake umayenda pa WhatsApp ndi Facebook.

Usiku wa konsati m'kalabu yaing'ono umayamba dzuwa lisanalowe, pamene oyimba amafika ndi katundu wawo kudzayesa zida. Woyang'anira zokuzira mawu amayamba ndi ng'oma, imodziimodzi, kenako besi, magitala, kiyibodi, n'kumalizira mawu a woyimba. Ntchito yake imakhala yovuta kuposa ya m'bwalo lalikulu, chifukwa m'chipinda chaching'ono ng'oma zimamveka kale mokweza popanda maikolofoni, ndipo zina zonse ziyenera kukwezedwa kuti zifanane nazo. Makoma a simenti ndi denga la malata zimabweza mawu. Anthu akadzaza, matupi ndi zovala zawo zimameza mbali ina ya phokoso, moti zimene zinamveka bwino m'chipinda chopanda anthu zimafunika kukonzedwanso nyimbo yoyamba ikayamba. Ku Harare pamakhalanso nkhawa ya magetsi a ZESA, amene amazimazima makamaka madzi akachepa ku Kariba. Kalabu yodalirika imakhala ndi jenereta, ndipo woyimba kiyibodi ndi amene amada nkhawa koposa, popeza magetsi akangophethira makina ake amayenera kuyambiranso.

Pakhomo amalipiritsa kawirikawiri ndi madola a ku America, ngakhale kuti dzikolo linakhazikitsa ndalama yatsopano ya ZiG mu April 2024, ndipo ena amalandira EcoCash. Chenji chimavuta, choncho wanzeru amanyamula ndalama zing'onozing'ono. Ndalama ya pakhomo ndiyo malipiro a oyimba, pamene mwini malo amadalira zogulitsa pa bala. Pa gulu la anthu asanu, lobwereka zokuzira mawu ndi kulipira galimoto yonyamula ng'oma, chotsala chimakhala chochepa kwambiri. Wopempha kulowa ulere chifukwa amadziwana ndi wa besi amakhala akuchotsa m'thumba la mnzake yemweyo.

Malo oima ali ndi ntchito. Kutsogolo kwenikweni munthu amaona zala za woyimba gitala koma amamva chida chimodzi chimene chili pafupi naye. Mawu osakanizika bwino amamveka chapakati, pafupi ndi pamene pakhala woyang'anira zokuzira mawu, chifukwa iye amakonza zonse molingana ndi khutu lake ali pomwepo. Kuima pafupi ndi sipika n'kodziononga. Mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka muyezo wakuti phokoso la m'malo achisangalalo lisapitirire madesibelo 100 pa avareji ya mphindi 15, ndipo gulu la rock m'chipinda chaching'ono limafika pamenepo mosavuta. Kulira kwa m'makutu kumene munthu amadzuka nako mawa lake ndi chizindikiro chakuti makutu avulala, ndipo kuvulala kobwerezabwereza sikuchira. Tizotseka m'makutu ta siponji, timene amavala ogwira ntchito m'mafakitale, n'totsika mtengo ndipo sitichotsa kukoma kwa nyimbo.

Nyimbo ikayamba, chachikulu chimene kalabu yaing'ono imapereka ndi kuona mmene oyimba amamverana. Nyimbo ya zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi imafuna kuti onse akhote nthawi imodzi, ndipo palibe wowaimira kutsogolo ndi kandodo. Amadalira maso. Woyimba ng'oma amakweza mutu, wa besi amatembenuka pang'ono, wa gitala amakweza khosi la gitala lake, ndipo onse amagwera m'chigawo chatsopano. Zimafanana ndi woyimba mbalule pa bwalo la gule, amene maso ake sachoka pa mapazi a wovina. Pa chimbale zimenezi sizioneka, ndipo m'bwalo lalikulu zimatayika ndi mtunda. Womvera watsopano amene wasokonezeka ndi kawerengedwe amathandizika akasiya kutsatira gitala n'kutsatira besi, chifukwa besi ndiyo imasonyeza pamene mzere ukuyambira. Akamvetsera bwino amazindikiranso kuti kanyimbo kamene kanamveka poyamba kamabwerera kumapeto katavala zina, mwina kofulumira, mwina pa chida china.

Pali mwambo umodzi umene umasiyana ndi wa ku sungura. Nyimbo za progressive rock zimakhala ndi malo achete, pamene patsala kiyibodi yokha kapena gitala lolira motsitsa. Apo nyimbo sinathe, ndipo kuwomba m'manja kapena kukweza nkhani kumaononga chimene oyimba akhala akumanga kwa mphindi khumi. Omvera ozolowera amadikira mpaka oyimba atatsitsa manja. Kuvina sikoletsedwa, koma ambiri amangoima n'kumagwedeza mutu. Mafoni okwezedwa m'mwamba amatchinga a kumbuyo, ndipo m'chipinda chaching'ono kuwala kwake kumafika m'maso mwa oyimba.

Gulu limayimba ola limodzi kapena awiri, nthawi zina ndi kupumula pakati. Likamaliza, oyimba sakhala ndi chipinda chobisalako. Amatsika pa nsanja, amakulunga okha mawaya awo, ndipo aliyense akhoza kuwafikira kukafunsa za chida kapena kugula chimbale ndi malaya a gululo, zimene phindu lake limapita kwa iwo mwachindunji. Kwa wachinyamata amene akuphunzira gitala, mphindi zimenezi zimaphunzitsa zambiri.

Chotsala ndi ulendo wobwerera. Makombi amachepa usiku ukakula, ndipo amene atsala pamsewu ndi matakisi ndi timagalimoto ta mushikashika, timene tilibe chilolezo ndipo timadzaza mopitirira. Ngakhale Sunningdale ili pafupi ndi tauni, kuyenda wapansi usiku kudutsa m'dera la mafakitale, kumene kumakhala zii ntchito ikaweruka, si kwanzeru. Anthu a dera limodzi amagwirizana asananyamuke, kusonkherana ya takisi, ndi kupatula ndalama yobwerera isanathere pa bala.