Ulendo wa Ngwazi m'Tsinde mwa Phiri la Mulanje

M'mawa wina wa chiperoni, mitambo itakuta phiri kotero kuti ngakhale thanthwe la Chambe silinkaoneka, ndidajambula pa bolodi mzere wozungulira ngati mkombero wa lichero, ndipo nditaugawa patatu ndidauza ana a Fomu 2 kuti umenewo ndiwo ulendo wa ngwazi monga adaulongosolera Joseph Campbell wa ku America m'buku lake la 1949, The Hero with a Thousand Faces: kunyamuka, kuyesedwa, ndi kubwerera. Ndisanatule choko, mnyamata wina wokhala kumbuyo, manja atawabisa m'juzi chifukwa cha chisanu, adanong'oneza mnzake kuti, "Izitu ndi za kusimba." Anzake adamdzudzula ndi maso, pakuti za kusimba sizikambidwa pabwalo; koma mwanayo adalasa pachitsime penipeni pomwe mwini bukulo adatunga, popeza Campbell adaponda m'mapazi a Arnold van Gennep, amene mu 1909 adaonetsa kuti zinamwali za mitundu yambiri zimayamba ndi kupatula namwali, kenaka kumsunga padera, ndipo potsiriza kumbwezera kwa anthu ake ali munthu watsopano.

Chotero mwana wa ku Chonde kapena ku Muloza safunika kumuuza kuti ngwazi imachoka kwa amake, nikumana ndi nkhalamba yoilangiza, nizunzika kuthengo, nibwera itasandulika. Adaona ndi maso ake mkulu wake akuperekedwa m'manja mwa aphungu ndi anamkungwi, nabwerako atametedwa, atavala zatsopano, ali ndi dzina lina, osalowanso kuchipinda kwa makolo ake. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindikana kuti mkombero wa Campbell umathandiza mwana kugwira mchira wa nkhani yaitali. Chimene ndikana ndicho kuupereka ngati nzeru yotsika m'sitima, pamene mbewu yake idamera kale kuseri kwa nyumba zathu.

M'maiko a kutsidya kwa nyanja aphunzitsi amakonda kuphunzitsa zimenezi ndi buku la J.R.R. Tolkien la 1937, The Hobbit, momwe Bilbo Baggins, wokonda mpando wake ndi chakudya chake, akokedwa ndi nkhalamba Gandalf kunka kuphiri lakutali kumene chinjoka Smaug chidagonera chuma. Ana athu amaikonda nkhaniyi, ndipo polimva phiri lija amatembenukira pazenera. Koma pofika kumathero amazizwa, pakuti Bilbo abwera napeza katundu wake akugulitsidwa, anthu atamuyesa wakufa, ndipo akhala yekha m'nyumba mwake, wopanda mlongo wompatsa madzi, wopanda mbumba yomvinira. Kumeneko mphotho ya ulendo ili mumtima mwa woyendayo. Kwathu kuno munthu sanyamuka asanatsazike kwa amalume ake, ndipo ulendo wake umayesedwa pakhomo pa amake tsiku limene atula mtolo, abale atakhala pamphasa.

Alembi athu oyamba adachidziwa bwino chimenechi. Samuel Josia Nthara, m'buku lake Nthondo la 1933, limene Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa, adatenga mnyamata wopulupudza, namyendetsa kutali ndi kwawo, ndipo sadamsiye kufikira atambweza kumudzi kudzasenza ufumu ndi kutembenuka mtima, monga mwana wolowerera wa m'Uthenga Wabwino wa Luka. John Gwengwe, mu Sikusinja ndi Gwenembe, adaika choopsa chachikulu panjira yobwerera, pomwe mbale apha mbale wake chifukwa cha chuma, ndipo mbalame iulula mwazi umene munthu adafuna kuukwirira. Chinjoka cha m'nkhani zathu chimagona m'mtima wa woyenda naye, ndiponso m'manyazi a wobwera chimanjamanja.

Ndipo zimenezi kwa anthu a Mulanje si nthano chabe. Makolo a Alhomwe ambiri adaoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, nadzagwa m'thangata la minda ya azungu. Ana awo adakwera ndege za Wenela kunka kumigodi, kufikira ngozi ya ku Francistown ya 1974 itachititsa boma kuletsa ulendowo. Adzukulu awo lero akukwera mabasi a ku Joni. Chinenero chathu chidasula liwu lowawa, lakuti mtchona, la iye amene adapita nakhalirira, ndipo ngakhale atalemera chotani kumeneko, palibe amene amamutcha ngwazi, pakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Ngakhale za phiri lathu zimanena chomwecho: akuluakulu amati wokwera cha ku Sapitwa akapeza chakudya choikidwa ndi mizimu adye osaitana mnzake, ndiye kuti kudya wekha ndi lamulo la kumizimu, ndipo wotsika kuphiri ayenera kulisiya komweko.

Pofuna kuti ana ayese mkombero uja ndi muyeso wa kwawo, ndidawatuma kukafunsa kunyumba za wachibale aliyense amene adayendapo ulendo wautali. Ambiri adabwera ndi nkhani za njinga, wailesi ndi mabulangete a kumigodi. Mtsikana mmodzi adaima, nagwira pepala lake ndi manja awiri, nasimba za agogo ake aakazi, amene adathyola tiyi dengu lili kumsana zaka zonse zimene amuna awo adali kumigodi, nalera ana asanu, nafolera nyumba okha dzinja lililonse. Atatha adayang'ana pa bolodi nati, "Aphunzitsi, nanga agogo angawa tiwaike pati pamenepa?" Ndidauyang'ana mkombero uja kuyambira ponyamukira kufikira pobwerera, ndipo malo a wotsala pakhomo sindidawapeze.