KANYAMA KODULIDWA KU CIPATALA KAMAPITA KUTI?

Amai ambiri a malonda pa City Market ndi m'makomboni a Lusaka amadandaula cinthu cimodzi. Dotolo akadula kanyama pa bere kapena pa khomo la cibaliro, amawauza kuti abwerenso patapita masabata. Kwa mai wogulitsa tomato kapena salaula, tsiku lopita ku cipatala ndi tsiku lopanda ndalama, motero ena sabwereranso. Amaganiza kuti cipatala cangowataya.

Koma kanyamako kali ndi ulendo wake. Kakangodulidwa kamaikidwa m'botolo la mankhwala ochedwa formalin kuti kasaole. Ku labu ya UTH amakacotsa madzi usiku wonse ndi makina, n'kukaumitsa m'phula longa la kandulo. Pambuyo pake amakasenga ndi mpeni wa makina ochedwa microtome, tizidutswa topyapyala kwambiri kotero kuti 200 kapena kuposa ndiye tingakwane milimita imodzi. Tizidutswato amatiika pa galasi ndi kutipaka mitundu iwiri, wa buluu ndi wofiirira. Apa m'pamene dotolo wa pathology amayang'ana pa maikulosikopu ndi kunena ngati ndi khansa kapena ai.

Nchito yonseyi, kufikira galasi lifike pa tebulo la dotolo, ili m'manja mwa akatswiri a m'labu, amene pa Cingerezi amachedwa biomedical scientists. Wodwala sawaona, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo. Koma kanyama kakasengedwa mokhuthala kapena kopindika, ngakhale dotolo wophunzira bwanji sangawerenge bwino. Amayambiranso, ndipo masiku amapita.

Ambiri a iwo amayamba ndi dipuloma ya pa Evelyn Hone College kapena digiri ya pa University of Zambia, ndipo amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia asanagwire nchito. Maphunziro oyambawa amakhudza zonse: magazi, tizirombo, mkodzo, makhololo. Za minofu ndi maselo ndi gawo limodzi cabe. N'cifukwa cace amene ali kale pa nchito afunika kubwereranso ku sukulu kukazama pa gawo limeneli lokha. Madotolo anayamba kutero mu 2011, pamene University of Zambia inatsegula maphunziro a ukatswiri wa pathology pa Ridgeway. Kuculukitsa madotolo owerenga magalasi popanda kukweza anthu okonza magalasiwo ndi kusiya nchito pakati.

Kufunika kwake kwakula. Kuyambira mu 2006 makiliniki a Boma mu Lusaka akhala akupima khomo la cibaliro ndi viniga, ndipo Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa mu 2007. Odwala opezeka aculuka, mabotolo opita ku labu nawonso. Ndiponso masiku ano kungonena kuti ndi khansa sikukwana. Pa khansa ya bere pali kupima kwina kwapadera koonetsa ngati cotupa cimakula ndi mahomoni a cikazi. Cikakhala cotero, mapiritsi monga tamoxifen amathandiza; cikapanda kutero, mapiritsiwo ndi osathandiza. Kupima kumeneku n'kovuta, ndipo kumalephereka ngati kanyama kanacedwa kulowa mu formalin. Wophunzira mozama ndiye amazindikira kuti galasi lanama.

Pamenepa mabanja nawo ali ndi mbali yao. Wacibale akapatsidwa botolo kuti apereke ku labu, asalitsegule, asakhuthule mankhwalawo, ndipo asagone nalo ku Kabwata kapena ku Chelstone podikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Aone kuti dzina ndi nambala ya wodwala zalembedwa bwino pa botolo ndi pa pepala. Asiye nambala ya foni imene imagwira nchito, ndipo afunse tsiku lobwera kudzatenga zotsatira. Bala la opareshoni likapola si ndiye kuti nkhani yatha. Mai abwerere ku cipatala ndi khadi lake pa tsiku limene anauzidwa, ndipo zotsatira zikakhala kuti sizinatuluke, afunse tsiku lina asanakwere basi.