Ulendo wa pa zilumba za Agiriki uli ngati wa pa minibasi

Mukakwera minibasi pa Chinamwali kupita ku Liwonde, siyenda osaima. Iima pa Domasi, iimenso pa Malosa, ena atsike, ena akwere ndi matumba awo. Sungani chithunzi chimenechi, abale anga, chifukwa ndi mmene ophunzira amayendera ku Greece akafuna kudziwa za makolo a dzikolo ndi za Akhristu oyamba. Msewu wawo ndi nyanja ya Aegean, minibasi yawo ndi sitima yapamadzi, ndipo siteji iliyonse ndi chilumba. Zilumba zokhalamo anthu kumeneko zilipo pafupifupi 200.

Amene anawolokapo pa Kachulu kupita ku Chisi amadziwa kuti moyo wa pachilumba umadikira bwato. Mchere, alendo ndi nkhani, zonse zimatsikira padoko. Doko lili ngati chigayo: umapita kukagayitsa chimanga, koma umabwerako ndi ufa pamutu ndi nkhani za midzi itatu m'makutu. Nzeru za Agiriki zinkafala motero, kuchoka doko ili kupita doko linalo.

Titsike kaye pa Samos. Pano anabadwira Pythagoras, zaka pafupifupi 570 Yesu asanabadwe. Ana athu amakumana ndi dzina lake m'masamu a ku sekondale. Koma yang'anani mmisiri womanga nyumba akafuna kona yowongoka. Amayeza mbali ina 3, inayo 4, ndipo chingwe chopingasa chikakwana 5 amadziwa kuti khoma silipotoka. Masamu aja ndi omwewo.

Siteji yachiwiri ndi Kos, kwawo kwa sing'anga Hippocrates, wobadwa cha m'ma 460 Yesu asanabadwe. Lumbiro lodziwika ndi dzina lake limalamula dokotala kuti asavulaze wodwala ndiponso asaulule zimene waona m'nyumba ya eni. Mukauza dokotala zamseri n'kukhulupirira kuti sizikamveka kumsika, mukutsamira mwambo umenewu.

Tsono tsegulani buku la Machitidwe, mutu 20 ndi 21. Mupeza kuti Paulo, popita ku Yerusalemu, anadutsa pa Samos, pa Kos ndi pa Rhodes. Uthenga Wabwino unakwera sitima zomwezo zimene zinkanyamula amalonda ndi katundu wawo.

Apa pali mfundo imene ndikufuna muigwire. Munthu woyenda motere amagona kwa eni. Agiriki anali nawo kale mwambo wolandira mlendo: kumusambitsa, kumudyetsa, kenako n'kumufunsa dzina. Ankati mulungu wawo Zeus ndiye amateteza alendo. Ifenso timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akhristu oyamba sanaswe mphika umenewu. Anautsuka n'kuphikamo ndiwo zatsopano. Kwa Agiriki, ubale wotere unkakhala makamaka wa mabanja otha kubwezerana mphatso. Mpingo unaphunzitsa kuti kapolo, wamasiye ndi wosauka amene sangakubwezere kanthu nawonso akhale pamphasa yomweyo. Mphika ndi wakale, koma odyamo anachuluka.

Pa Crete, chilumba chachikulu kuposa zonse za Greece, Paulo anasiyapo Tito kuti aike akulu ampingo m'mizinda. Zofunika pa mkulu wampingo zinali zapakhomo ndithu: asakhale chidakwa, asakhale wandewu, asakonde phindu lachinyengo, akonde alendo. N'zomwe timayang'ana posankha msungichuma wa banki m'khonde.

Pa Crete pomwepo pali phunziro la nyengo. Msodzi wanzeru wa ku Mangochi salowa pakati pa nyanja mwera ukakwiya. Amalinyero akale nawo ankaimika sitima m'nyengo yozizira. Pa ulendo wina, Paulo anachenjeza kuti asanyamuke pa Crete, eni sitima sanamvere, ndipo sitima yonyamula anthu 276 inakaswekera ku Malta. Anthu onse anapulumuka, ndipo eni chilumba anawasonkhera moto. Mwambo wa mlendo uja unagwiranso ntchito.

Siteji yomaliza ndi Patmos, kachilumba ka miyala kumene Yohane anali chifukwa cha uthenga umene ankalalikira. Buku la Chivumbulutso linachokera kumeneko cha m'ma 95 Yesu atabadwa. Pamwamba pa phiri pali nyumba ya amonke yomwe inayamba mu 1088, ndipo alendo amalowa m'phanga limene anthu amati ndimo munali Yohane. Munthu wotsekeredwa ndi madzi mbali zonse analembera mipingo 7 mawu olimbikitsa. Mukadziwa zimenezi, bukuli mumaliwerenga ngati kalata ya mbale amene ali m'mavuto.

Zonsezi si zachilendo kwa ife. Ilala yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, kuima pa Chizumulu ndi pa Likoma, pamene tchalitchi chachikulu cha St Peter chinayamba kumangidwa mu 1903. Kwathu kunonso uthenga unafika m'midzi yambiri pabwato.

Ku Greece n'kutali, ndipo ndalama yopitira kumeneko ndi yambiri. Koma mabaibulo ambiri ali ndi mapu kumapeto. Madzulo ano, nsima ikatha, itanani ana, muike chala pa Samos, mutsike pa Kos, mufike pa Crete. Ndipo mlendo akagogoda, mutsegulireni.